Malambe akuyenda malonda, nanga milambe yaing'ono ili kuti?

Alimi anzanga a ku Chiúta, Chifunde, Marávia ndi Moatize, makamaka inu akuchigwa chotsikira ku Zambezi, malambe amene kale tinkangopatsa ana kuti azibwira lero ndi ndalama. Mu 2008 maiko a ku Ulaya analola kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa ngati chakudya, ndipo mafuta a nthanga zake amalowa m'zodzoladzola. Ogula akunjawa akamagula zochokera ku nkhalango zamvula za ku Congo ndi Amazon amafunsa ngati zakololedwa mosawononga chilengedwe. Kuno ku Tete nkhalango zoterozo kulibe, ife tili ndi tsanya, miombo ndi milambe, koma funso akutifunsa n'lomwelo.

Dambe liziumira mumtengo momwemo. Lokhwima limapepuka, ndipo mukaligwedeza limachita phokoso m'kati. Ambiri amafika pamenepa mvula ikatha, cha mu Meyi kupita m'tsogolo. Lekani kugenda ndi miyala kapena zibonga. Mumathyola nthambi, ndipo dambe long'aluka limalowa chinyezi n'kuchita nkhungu. Tolani ogwa okha, kapena kolani ndi ndodo yaitali yangowe. Musaike m'thumba lomwe munali feteleza kapena mankhwala a fodya ndi thonje, ndipo musasunge m'chipinda chopoperedwa mankhwala a udzudzu, chifukwa ufa umayezedwa usanatumizidwe kunja. Sanjikani pathandala, pouma.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri n'china. Tayendani m'minda mwanu muwerenge milambe. Pafupifupi yonse ndi nkhalamba zimene agogo athu anazipeza zili chilili. Yaing'ono ikutha ndi moto wolusa komanso mbuzi, inde mbuzi zathu zomwe zatchukitsa Tete zija. Yotsalayo timaipalira tokha ndi khasu posaizindikira, chifukwa mlambe ukali mwana sukhala ndi masamba onga zala za dzanja ayi. Tsamba lake limakhala limodzilimodzi, ndipo kunsi kwa tsinde kumakhala kotupa. Mukaupeza, uzingeni ndi nthambi zaminga za masau, mulambule udzu mozungulira moto usanayambe, ndipo muzikonza mpandawo kufikira nsonga itapitirira pamene mbuzi imafika ikaimirira.

Ofuna kufesa, dziwani kuti khungu la nthanga ndi lolimba. Iviikeni m'madzi otentha igone momwemo, kapena ipaleni pang'ono pamwala. Mtengo wa nthanga umatenga zaka zambiri usanabale, pomwe womezanitsa umafulumira.

Pokolola musaseseretu mtengo wonse. Ena asiyeni kuti anyani ndi nyama zina zimwaze mbewu. Ana asamaphe mileme ndi malegeni, pakuti duwa la mlambe limatseguka madzulo, silikhalitsa, ndipo mileme imathandiza kunyamula mungu usiku. Osenda khungwa lopotera zingwe asende mbali imodzi yokha, ndipo mtengowo aupumitse zaka zingapo.

Izi munthu mmodzi sangazithe, popeza mbuzi sizidziwa malire a munda. Amfumu ndi komiti yoona zachilengedwe agwirizane tsiku lotsegulira kukolola ndi chindapusa cha wotentha tchire. Kuyambira mu 2005, 20 pa 100 iliyonse ya msonkho wa zankhalango ndi nyama zakutchire imayenera kubwerera kumudzi kumene zinthuzo zachokera, koma imadzera ku komiti yolembetsedwa. Ngati kwanu kulibe, pitani ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi zachuma ya boma lanu, mukafunse kalembetsedwe kake.