Kaweteredwe ka anankafumbwe odya namasupuni

Namasupuni akalowa m'damu kapena m'dziwe la nsomba, kuzula pamanja sikumutha. Nyengo yotentha amachulukana kawiri pa masabata awiri okha, ndipo njere zake zimakhala zamoyo m'matope zaka zoposa 15. Chomwe chimamufoola ndi anankafumbwe a mitundu iwiri ochokera ku South America, Neochetina eichhorniae ndi Neochetina bruchi, omwe anaikidwa mumtsinje wa Shire m'zaka za m'ma 1990. Za chimanga cha m'nkhokwe musade nazo nkhawa, awa ndi ena, chakudya chawo ndi namasupuni basi.

Anankafumbwe oyambira kuweta funsani kwa alangizi a zausodzi. Dulani mgolo wa malita 200 pakati, thirani madzi akuya masentimita 30, muikemo mitsinde 8 kapena 10 ya namasupuni wobiriwira bwino ndi kadzanja kamodzi ka manyowa a ng'ombe owolerana. Pa tsinde lililonse ikani anankafumbwe anayi.

Nankafumbwe wamkulu amadya usiku, masana amabisala pakati pa tsinde, choncho musamufune ndi maso. Yang'anani timabala tating'ono tokhala ngati tokanda pamasamba. Koma wopha chomeracho ndi mphutsi: imaswedwa m'phesi la tsamba n'kuboola kutsikira kutsinde, madzi amalowa, tsinde n'kuwola ndi kumira. Ikakhwima imapota kachisa pamizu, pansi pa madzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Madzi akaphwera mizu n'kugona pamatope kapena kuuma, m'badwo wonse watha. Onjezerani madzi sabata iliyonse, ndipo tsinde likatha ikani lina.

Kuno ku Mzuzu vuto ndi chisanu. Kuchoka pa dzira kufika pa wamkulu kumatenga miyezi itatu kapena inayi kumalo otentha, koma mu Juni ndi Julaye kuikira mazira kumachepa kwambiri. Ikani migolo padzuwa, pobisika ku mphepo, muifunditse pulasitiki yoonekera mkati, masana muzitsegula pang'ono. Okatulutsa kudamu atulutseni kuyambira Okutobala.

Potulutsa, tengani mitsinde yonse yokhala ndi mphutsi, muilowetse pakati pa namasupuni wa pagombe posayenda madzi, malo amodzi, osamwaza. Pamenepo musazulepo, musapoperepo mankhwala. Tsinde lotsala m'mgolo liumitseni ndi kuliwotcha, lisagwere mumtsinje wa Lunyangwa kapena m'madzi ena aliwonse oyera.

Namasupuni amayamba kufupika ndi kuleka maluwa pang'onopang'ono. Kuti madzi aonekenso pamapita zaka zitatu mpaka zisanu, kumalo ozizira ngati kuno mwinanso kuposa.