Beetle Yogona Zaka: Poyambira Musanapite ku Kalabu

Achimwene, mwati mwagula galimoto ya VW Beetle ya 1974 ku Rosettenville ku Joni, yagona zaka m'galaja, ndiye mukufuna idzuke mulowe nayo kalabu. Chonde musailize kaye!

Choyamba, tsitsani petulo yense wakale, musinthenso timapaipi ta petulo ta labala. Apa ndiye ndikukupemphani kwambiri: timapaipi timeneti tikauma timang'aluka, petulo n'kudonthera pa injini yotentha, ndipo ma Beetle ambiri apsa motero. Katsineni kamodzi ndi zala. Mukaona timing'alu, tayani tonse.

Kenako oyilo. Injini imeneyi ilibe radiyeta, imazizira ndi mphepo ndi oyiloyo, choncho msintheni pa makilomita 5,000 alionse, mutsukenso kasefa ka pansi. Mavavu muwayeze injini itazizira, mpata wake ndi 0.15 mm.

Muonenso mabuleki, matayala ndi batire.

Kabureta, yomwe imasakaniza petulo ndi mpweya, apatseni amakaniko achikulire ayichune. Pajatu Joni ili pamtunda, mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka.

Ikayenda, pitani ku Piston Ring Club, kalabu ya magalimoto akale ku Modderfontein, amakumana Lamlungu lachitatu la mwezi. Tengani mapepala a galimoto, mufunse za umembala ndiponso kogula masipeya. Nthawi ya mvula muziisunga pansi pa denga, matalala a kuno amaphwanya galasi.