Kusesa masamba oyoyoka thupi likamadana ndi mungu ndi nkhungu

Masamba akayamba kuyoyoka, ambiri amati agwidwa chimfine. Chimfine chenicheni chimatha pakapita masiku 7 mpaka 10. Koma ngati maso akuyabwa, mamina ali oyera ngati madzi, mukuyetsemula motsatizana, ndipo zimanyanya mukachoka pabwalo, ndiye kuti thupi lanu likudana ndi china chake chamumpweya. Ine langa limadana ndi nkhungu, komabe pabwalo ndimasesa ndekha.

Zoyambitsa zake nyengo imeneyi ndi ziwiri. Choyamba ndi mungu wa udzu ndi zitsamba. Ku North America ndi mbali zina za Europe amavutika ndi chitsamba cha ragweed, chomwe chimayamba kumwaza mungu mu Ogasiti, ndipo chimodzi chokha chimatha kutulutsa timungu tokwana 1 biliyoni. Chachiwiri, chomwe anthu amachinyalanyaza, ndi nkhungu monga Alternaria ndi Cladosporium. Imamera m'masamba onyowa omwe akuola. Mulu wa masamba ukhoza kuoneka wouma pamwamba pomwe pansi pali pakuda ndi ponunkha chinyezi. Mukangoutembenuza, tinjere tonse ta nkhunguyo timakwera kulunjika kumphuno kwanu.

Nchifukwa chake ndimati musadikire kuti masamba onse agwe kaye. Sesani pang'onopang'ono, akadali atsopano, asanaunjikane n'kuvumbwa ndi mvula. Tsiku louma la mphepo yamphamvu lisiyeni lipite. Mvula ikangokata mungu umachepa mumpweya, choncho masamba ongogwa kumene aseseni nthawi imeneyo, koma mulu wakale wonyowa musaukhudze opanda chotchinga kumphuno. Pansi pakakhala fumbi, wazani madzi pang'ono musanayambe. Makina ouluza masamba ndi mpweya ine sindiwafuna n'komwe, chifukwa amangonyamula zonse zapansi n'kukupumitsani. Kuotcha masamba nakonso ayi: utsiwo umapweteka chifuwa chanu ndi cha oyandikana nawo. Ngati mukupanga kompositi, dzenje likhale kutali ndi mawindo.

Valani masiki ya N95, yomwe imasefa tinthu ta mumpweya, yothina bwino pamphuno, popeza yansalu imalola tinthu ting'onoting'ono kudutsa m'mbali. Onjezani magalasi, magolovesi, chipewa ndi malaya a manja aatali. Maso akayabwa musawatikite, mumangowapaka zomwe zili m'manja. Tsekaninso mawindo a nyumba mukamatchetcha kapinga.

Mukamaliza, nsapato zitsale pakhomo, zovala zipite kochapa, inu kukasamba, tsitsi lomwe. Apa mpamene ambiri amalakwitsa: amagona osasamba m'mutu, mungu n'kusamukira pa pilo, usiku wonse n'kumaupuma. Galu amene amagubuduka m'masambamo mpukuteni ndi nsalu yonyowa asanalowe. Kutsuka m'mphuno ndi madzi amchere kumathandiza kwambiri, bola madziwo akhale owiritsa n'kuziziritsa, osati ongotunga pampopi.

Mankhwala amagwira bwino mukawamwa vuto lisanayambe. Cetirizine kapena loratadine imwani kukadali ola limodzi kapena awiri musanatuluke. Chlorpheniramine amagonetsa, musamwe ngati mugwiritsa ntchito makina otchetchera kapena makwerero. Opopera m'mphuno monga fluticasone sagwira tsiku lomwelo, amafuna kupopera tsiku lililonse, ndipo ndi bwino kuyamba kutatsala masabata awiri kuti nyengo yanu yovuta ifike. Otsegula mphuno msangamsanga monga oxymetazoline musapitirize nawo masiku ambiri, chifukwa mukadzasiya mphuno imatsekeka kuposa kale. Amayi oyembekezera, ana ndi amene akumwa mankhwala ena afunse kaye dokotala.

Amphumu, inhela ikhale m'thumba, osati m'nyumba. Chifuwa chikayamba kulira kapena kuthina, ikani reki pansi nthawi yomweyo, lowani m'nyumba, poperani inhelayo. Kupuma kukapanda kubwerera mwakale, pitani kuchipatala, ndipo ntchito yotembenuza masamba oola muipereke kwa wina.