Sukulu zikatsekedwa, kope lisatsekedwe

Makolo anzanga, sukulu zikatsekedwa mwadzidzidzi, monga zinachitikira pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, musadandaule kuti kunyumba kulibe kompyuta. Nthawi ija Unduna wa Zamaphunziro unkaulutsa maphunziro a ku pulayimale pa wailesi ya MBC, ndipo wailesi ya pafoni yaing'ono imakwanira.

Koma mwana asamvetsere chimanjamanja. Akhale pamphasa ndi kope ndi pensulo, aphunzitsi a pawailesi akafunsa funso ayankhe mokweza ngati ali m'kalasi. Chonde nthawi imeneyi musamutume kumjigo, makamaka mtsikana, pakuti ndi amene timafulumira kumutuma.

Aphunzitsi akatumiza ntchito pa WhatsApp, tsitsani zithunzizo kamodzi, tsekani data, mwana akopere m'kope bandulo isanathe.