Kusankha Pulogalamu Yophatikizira Maseva ku Chigwa cha Shire

Ofesi ya ku Chikwawa, Nchalo kapena Nsanje imene ili ndi maseva (makompyuta otumikira makompyuta ena a mu ofesi) anayi kapena asanu ingathe kuwasandutsa ma virtual machine (makompyuta oyerekezera opangidwa ndi pulogalamu) n'kuwayendetsa pa makina awiri amphamvu. Kuno kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala, kuchepetsa makina kumapeputsa ntchito yoziziritsa chipinda, ndipo jenereta simamwa dizilo wambiri magetsi akazima.

Yambani ndi kulemba RAM (memori imene kompyuta imayendetsera mapulogalamu) ndi malo a disiki amene seva iliyonse imagwiritsadi ntchito, chifukwa RAM ndiyo imayamba kuperewera.

Kenako ganizirani za ndalama zakunja. Kampani ya Broadcom itagula VMware, yomwe imapanga mapulogalamu ophatikizira maseva, mu Novembala 2023, inasiya kugulitsa malayisensi okhalitsa, moti tsopano mumalipira nthawi ndi nthawi, pomwe m'mwezi womwewo kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Pulogalamu ina yotere, Proxmox VE, yomangidwa pa Debian (mtundu wa Linux) ndi KVM (gawo la Linux loyendetsa ma virtual machine), ndi yaulere, ndipo ine ndimaiona yoyenera maofesi ang'onoang'ono ngati pali munthu wodziwa Linux. Hyper-V, pulogalamu yotere ya Microsoft, imabwera ndi Windows Server, choncho amene anagula kale layisensi angayambire pomwepo.

Pulogalamu iliyonse muiyese kaye ngati ikubwezeretsa bwino backup (makope a deta osungidwa padera). Kope limodzi lisungidwe kumtunda monga ku Blantyre, popeza madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu 2023 amalowa mpaka m'maofesi.