Mukatuluka ziwengo mutadya nsomba zouma

Mwafunsa chochita thupi likayamba kuyabwa ndi kutuluka ziwengo mutangodya nsomba zouma.

1. Siyani kudya pomwepo, tsukani m'kamwa ndi m'manja.
2. Ngati ndi kuyabwa kokha, imwani mapiritsi a ziwengo otchedwa cetirizine kapena Piriton. Piriton amagonetsa, ndiye musayendetse galimoto.
3. Milomo, lilime kapena pakhosi pakatupa, mukamabanika kapena kumva chizungulire, musadikire kuti mapiritsi agwire ntchito. Thamangirani kuchipatala, apa pakufunika jakisoni wa adrenaline pantchafu. Panjira wodwala agone chagada, miyendo m'mwamba, koma ngati akupuma movutikira akhale tsonga.
4. Musadyenso nsomba musanaonane ndi dokotala. Kuumitsa kapena kukazinga sikuthandiza, chifukwa puloteni ya m'nsomba yomwe kawirikawiri imayambitsa vutoli, yotchedwa parvalbumin, siwonongeka ndi moto.