Arduino Nano Ikakana Kulandira Pulogalamu, Musathamangire Kuimba Mlandu avrdude

Mwalemba kapulogalamu kanu koti kalowe mu Arduino Nano, bolodi yaing'ono ya zamagetsi, mwadina Upload, kenako m'munsi mwa Arduino IDE, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera mapulogalamu a bolodiyi, mukutuluka mzere womwewomwewo kakhumi: "avrdude: stk500_getsync() attempt 1 of 10: not in sync: resp=0x00". Ine zitandichitikira ndinapsa mtima n'kuthamangira kukalembera okonza avrdude kuti ali ndi bug, cholakwika m'kalembedwe kake. Manyazi amene ndinachita pambuyo pake ndi amene anandiphunzitsa ndondomeko iyi.

Dziwani kaye amene akudandaulayo. IDE imasandutsa zimene mwalemba kukhala fayilo ya .hex, koma wonyamula fayiloyo kukaiika mu chip ndi kapulogalamu kena kotchedwa avrdude, kamene anayambitsa Brian Dean ndipo masiku ano kakukonzedwa ndi anthu ongodzipereka pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo mapulogalamu. avrdude amalankhula ndi bootloader, kapulogalamu kakang'ono kokhala kumapeto kwa flash (malo osungira pulogalamu) ya chip, kamene kamamvetsera kwa kanthawi kochepa bolodi ikangodzuka. "Not in sync" ndiye kuti avrdude waodira kakhumi koma m'nyumbamo mwangoti zii. Zimene mwalemba inu sizinafike n'komwe pa chip, choncho musataye nthawi kuzisinthasintha.

Choyamba, pitani ku File, Preferences, muchonge Show verbose output during upload. Mukadinanso Upload muona lamulo lonse limene IDE ikupatsa avrdude, lokhala ndi zinthu ngati -patmega328p -carduino -PCOM3 -b115200. Pamenepo pali dzina la chip, port (khomo limene bolodi yalumikizidwira pa kompyuta) ndi liwiro lolankhulirana. Koperani zonsezo muzisunge, muzifuna kutsogoloku.

Chachiwiri ndi chingwe ndi port. Zingwe zambiri za USB zobwera ndi timagetsi ndi timasipika n'zochajira basi, mulibe mawaya a data. Bolodi imayaka bwinobwino, kanyale kake kuwala, koma kompyuta osaiona. Sinthani chingwe musanaganize china chilichonse. Mabolodi ambiri otchipa amagwiritsa ntchito chip cha CH340 polumikizana ndi USB, ndipo pa makompyuta ena chimafuna driver yake, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuchizindikira. Pa Linux dzilowetseni m'gulu la dialout ngati muli pa Ubuntu kapena Debian, mutuluke n'kulowanso, muyang'ane ngati /dev/ttyUSB0 yaoneka. Zulani chilichonse chimene mwalumikiza pa pin 0 ndi 1, chifukwa pomwepo mpamene avrdude amadutsa.

Chachitatu, liwiro. Mu 2018 ma Nano anayamba kubwera ndi bootloader yatsopano, Optiboot, yolankhula pa 115200, pamene yakale inkalankhula pa 57600. Opanga mabolodi otengera ambiri anapitirizabe kuikamo yakaleyo. Pitani ku Tools, Processor, musankhe "ATmega328P (Old Bootloader)" muyeserenso. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepa.

Yanga sinathere pamenepo. Ndinali nditagula ma Nano asanu kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, wa mitengo yoti ukaiona umadziwiratu kuti pali kanthu, koma umagulabe. Atatu anagwira ntchito ndi Old Bootloader. Awiri anakana liwiro lililonse. Ndinaganiza kuti mulibemo bootloader, ndiye ndiikemo ndekha.

Kuika bootloader kumafuna bolodi ina yabwino yoti ikhale programmer, chida cholembera mwachindunji mu chip. Tengani Arduino Uno, muilowetsere chitsanzo cha ArduinoISP chimene chili pa File, Examples. Mukatero, osati musanatero, ikani capacitor ya 10 µF pakati pa RESET ndi GND pa Uno yomweyo, mwendo wa kumzere woyera ku GND, kuti isamadziyambitsenso avrdude akatsegula port. Pin 10 ya Uno ipite ku RST ya Nano, 11 ku D11, 12 ku D12, 13 ku D13, kenako 5V ndi GND. Pa Tools sankhani bolodi yodwalayo, port ya Uno, Programmer ikhale "Arduino as ISP", n'kudina Burn Bootloader.

Apa mpamene ndinagwa nayo. avrdude anayankha kuti: "Expected signature for ATmega328P is 1E 95 0F. Double check chip, or use -F to override this check." Ndinazula mawaya onse n'kuwabwezera, kawiri. Ndinasintha Uno. Ndinachotsa IDE n'kuiikanso. Pofika pakati pa usiku ndinali nditatsimikiza mumtima kuti mtundu wa avrdude umene ndinali nawo ukuwerenga chip molakwika, ndipo ndinalemba dandaulo lalitali, lodzaza ndi madandaulo okhaokha, lopanda ngakhale mzere umodzi wa zimene zinatuluka pa sikirini. M'mawa ndinapeza yankho laulemu la chiganizo chimodzi, londipempha kuti nditumize zonse zimene avrdude analemba. Pokopera m'pamene ndinaona mzere umene ndinakhala ndikuudumpha usiku wonse, pamwamba penipeni pa uthenga uja: Device signature = 0x1e9516.

Chip chilichonse cha AVR, mtundu wa ma chip a m'mabolodiwa, chili ndi ma byte atatu osasinthika onena kuti ndi ndani. ATmega328P ndi 1E 95 0F. ATmega328 yopanda P ndi 1E 95 14. 1E 95 16 ndi ATmega328PB. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ndinatenga foni, kuyatsa tochi chammbali, kujambula chip n'kukulitsa chithunzicho. Zilembo zotuwa zija zinathera pa PB. Wogulitsayo analemba 328P pamalonda ake, n'kusakaniza mitundu iwiri m'thumba limodzi. avrdude ananena zoona zokhazokha, wosawerenga ndinali ine.

Za -F zija, zisiyeni. Sizikonza kanthu, zimangouza avrdude kuti atseke maso apitirize, ndipo Burn Bootloader imalembanso ma fuse, ma byte osankha mmene chip chizigwirira ntchito. Mukalemba ma fuse a chip china pa chip cholakwika, makamaka osankha clock, chikhoza kusiyiratu kuyankha. Komanso mukaona signature ya 00 00 00, chip chisakudetseni nkhawa kaye. Kawirikawiri ndi waya wosagwira bwino kapena crystal (kachida kopatsa chip clock) yosagunda.

Mankhwala a 328PB ndi MiniCore ya MCUdude, chowonjezera cha IDE chodziwa ma chip amenewa. Ikani adiresi yake pa Additional boards manager URLs, muitsitse pa Boards Manager, musankhe ATmega328, Variant ikhale 328PB, Clock ikhale External 16 MHz, mudinenso Burn Bootloader. Kuyambira pamenepo muziisankha pansi pa MiniCore nthawi zonse, osati ngati Nano. Zoseketsa n'zakuti 328PB imaposa 328P, ili ndi ma UART awiri, ma SPI awiri (njira zolankhulirana ndi zida zina) ndi ma timer owonjezera. Ndinapusitsidwa ndi katundu wabwino kuposa amene ndinaitanitsa, komabe kwa wogulitsayo sindinabwerereko. Mabolodi awiriwo ndinawalemba PB kunsi ndi cholembera chosafufutika.

Tsono ngati zonsezi mwachita ndipo vuto likadalipo, mwina mwapezadi bug, poti zimapezeka. Kumbukirani kuti avrdude wobwera ndi IDE amatha kukhala wakale. Kwa zaka zambiri unali wa 6.3 pamene 7.0 unatuluka mu 2022. Tsitsani watsopano pa GitHub, muyendetse lamulo lija munasunga pa terminal (sikirini yolemberapo malamulo a kompyuta), muwonjezere -v kawiri kapena katatu kuti alankhule zambiri. Vutolo likatha ndi watsopanoyo, ndiye kuti anzathu anakonza kale. Likapitirira, fufuzani kaye pa Issues, gawo la madandaulo pa GitHub, ngati wina sananene kale, kenako lembani lanu: mtundu wa avrdude, Windows kapena Linux kapena macOS, programmer, chip monga mwachiwerengera ndi maso, lamulo lonse, ndi zonse zotuluka, zokopera ngati malemba osati chithunzi. Ngati mtundu wakale unkagwira ntchito, utchuleni. Odziwa kumanga pulogalamu kuchokera ku source ayese git bisect, imaloza commit (kusintha kwa pulogalamu) yeniyeni imene inabweretsa vutolo. Okonza avrdude akakutumizirani chokonza kuti muyese, yesani pa bolodi yomwe ija n'kuwayankha, chifukwa iwo alibe bolodi yanuyo.